Kodi n'tchimo kufuna kuti wopha m'bale wako amve zowawa?

Mwezi uno talandira makalata angapo okhudza chilango cha anthu opalamula milandu ikuluikulu, ndipo tasankhapo atatu. Tawafupikitsa pang'ono, komanso tachotsamo maina.

FUNSO: Alangizi, mlongo wanga anamwalira mu 2016 atamenyedwa ndi mpini wa khasu m'mutu pa mkangano wa malire a munda. Womumenyayo ndi wa m'mudzi woyandikana ndi wathu. Khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wopha munthu mosakonzekera, ndipo linamulamula kukakhala kundende zaka 12, koma anatuluka atakhalako zaka 8 zokha. Lero ali ndi benchi ya tomato pamsika pathu, thupi labwerera, ndipo Lamulungu amaimba kwaya. Ine ndikulera ana atatu a malemu, ndipo wamkulu analekezera Fomu 2 chifukwa chosowa fizi. Ndikadutsa pamsikapo mtima umandiwawa, ndipo sindibisa, ndimalakalaka akanamunyonga kapena akanafera komweko. Abusa athu akuti maganizo amenewa ndi tchimo la kubwezera. Kodi ndine munthu woipa? Nanga zaka 8 ndiye mtengo wa munthu? — Mayi wodandaula, Dedza

YANKHO: Mayi, pepani ndi katundu wolemera amene mwasenza zaka zonsezi. Simuli munthu woipa, ndipo ndikupempha abusa anu, mwaulemu wonse, kuti asiyanitse zinthu ziwiri zimene zimafanana nkhope koma si pachibale. Pali mtima wofuna kuti wolakwa alandire chomuyenera, ndiye palinso mtima wofuna kuti azunzike mpaka ife titakhutira. Woyambawo ndi umene unabala mabwalo a milandu, pamene wachiwiriwo ndi umene mabwalowo anakhazikitsidwira kuti aziuweta. M'kalata yanu ndikumvamo mitima yonse iwiri, ndipo sindikudabwa, pakuti munthu amene akugulira ana amasiye makope pamene wowasandutsa amasiyeyo akuwerenga ndalama za tomato sangayembekezeke kukhala ndi mtima woyera mbee.

Alipo anthu ophunzira amene amanena kuti ntchito ya chilango ndi kuopseza ena ndi kuwongola wolakwa basi, ndipo kuti kulanga munthu chifukwa chongoti walakwa ndi nkhanza yovala suti. Ine sindigwirizana nawo. Chikanakhala kuti cholinga ndi kuopseza kokha, bwenzi palibe cholakwika kugwira munthu wosalakwa n'kumumanga pamaso pa anthu, bola onse akhulupirire kuti ndi iyeyo ndipo agwidwe ndi mantha. Bwenzinso wakuba nkhuku tikumupatsa zaka 30 kuti nkhuku za dziko lonse zizigona mwamtendere. Chimatiletsa kuchita zimenezi ndi chikhulupiriro chakuti chilango chiyenera kugwera wolakwa yekha, ndiponso pamlingo wa kulakwa kwake, ndipo chikhulupiriro chomwecho ndi chimene chikukusowetsani tulo mukamafunsa ngati zaka 8 zikukwana. Woganiza mozama wa ku Germany, Immanuel Kant, analemba mu 1797 kuti ngakhale anthu a pachilumba atagwirizana zobalalika n'kuchisiya chilumbacho, ayenera kuyamba apereka chilango cha imfa kwa wakupha wotsiriza amene ali m'ndende yawo, ngakhale kuti sipatsala munthu woti aopsezedwe. Sindimuperekeza mpaka pachingwe mkuluyu, koma mfundo yake ndimaimva: kulekerera wakupha n'chimodzimodzi kulengeza kuti wophedwayo sanali kanthu. Ndiponso pali ulemu wina wake umene chilango chimapereka kwa wolakwayo. Galu wachiwewe sitimuzenga mlandu, timangomupha kuti asalume wina. Koma munthu timamuimika pabwalo n'kumufunsa, chifukwa timamuyesa wodziwa kusiyanitsa chabwino ndi choipa.

Tsono popeza mwatchula abusa, tiyeni tiyang'ane mawu amene anthu amakonda kuwatchula akapsa mtima, aja a pa Eksodo 21 akuti diso kulipa diso, dzino kulipa dzino. Ambiri amawamva ngati chilolezo, chonsecho pa nthawi yake anali malire. Pa Genesis 4 timamva za Lameki akudzitama kwa akazi ake kuti anapha munthu chifukwa chongomuvulaza, ndipo kuti adzabwezeredwa maulendo 77. Umu ndi mmene mkwiyo umawerengera ukasiyidwa wokha: bala limodzi, maliro, maliro amodzi, mudzi wonse. Lamulo la diso kulipa diso linabwera kudzanena kuti diso limodzi lisapitirire diso limodzi. Pa Deuteronomo 25 woweruza analetsedwa kukwapula wolakwa zikoti zoposa 40, ndipo chifukwa chake chinaperekedwa: kuopa kuti m'bale wako anganyozeke pamaso pako. Taonani kuti wokwapulidwayo akutchedwabe m'bale ali chigonere pansi. Pa Numeri 35 panakhazikitsidwa midzi 6 yothawirako munthu amene wapha mnzake mosafuna, kuti wolipsira mwazi asamupeze mlandu wake usanamveke. Malamulo a mfumu Hammurabi ya ku Babulo, amene analembedwa zaka zoposa 1,700 Yesu asanabadwe, akutionetsa kumene kufananitsa chilango ndi mlandu kumathera kukachitika mwakhungu, pakuti ankati nyumba ikagwa n'kupha mwana wa mwininyumba, aphedwe mwana wa mmisiri amene anaimanga. Masamu ake akukwana, koma mwana wa mmisiriyo sanagwirepo njerwa.

Kusiyanitsa kwa pa Numeri kuja ndi komwe kulinso m'malamulo athu a milandu, amene amaika padera kupha munthu mwadala, pa gawo 209, ndi kupha munthu mosakonzekera, pa gawo 208. Apa ndiye pagona yankho la funso lanu lomaliza, ndipo ndikudziwa kuti ndi lowawa kulimva. Zaka 8 si mtengo wa mlongo wanu, ndipo ngakhale zikanakhala 80 sizikanakhala mtengo wake. Woweruza akamawerenga zaka sayesa kufunika kwa womwalirayo, amayesa kukula kwa kulakwa kwa wamoyoyo. Munthu wophedwa ndi dalaivala wosasamala, wophedwa ndi mpini mkangano uli mkati, ndi wophedwa ndi tameki amene wina anamuthirira m'chakudya atakonzekera sabata yathunthu, onsewo manda awo ndi akuya mofanana ndipo ana awo amalira mofanana. Koma anthu atatu amene anawaphawo sanalakwe mofanana, ndipo khoti limene lingawapatse chilango chimodzi lingakhale litataya muyeso umene inu mukuufuna. Za kutsika kwa zaka kuchoka pa 12 kufika pa 8, si chinyengo ayi. Malamulo a ndende akhala akulola kuti mkaidi wosunga mwambo achotseredwe gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi yake, ndipo popanda chiyembekezo chotere ndende zathu sizikanalamulirika.

Mwati thupi lake labwerera, ndipo ndikumva kuti zimenezi zikukubayani. Koma musaganize kuti anali kutchuthi. Mu 2009, pa mlandu umene mkaidi wina, Gable Masangano, anasumira boma m'malo mwa akaidi anzake, khoti linagamula kuti kuthithikana ndi kusowa kwa mpweya m'ndende zathu ndi nkhanza zosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Amene anakaonapo m'bale ku Maula, ku Chichiri kapena ku Zomba akudziwa kuti vutoli silinathe. Kumeneko mkaidi watsopano amagona chokhala, mawondo pachifuwa, msana wa mnzake uli pamaondo ake, pamalo amene eni ake amati shamba, ndipo kutembenuka kumadikira chilolezo cha nyapala. Chakudya nthawi zambiri ndi kamodzi patsiku, mgaiwa wa nandolo kapena nyemba, ndipo chifuwa chachikulu ndi mphere zimayenda momasuka. Sindikunena izi kuti mumumvere chisoni, chifukwa chisoni chanu chili ndi eni ake kale. Ndikungofuna mudziwe kuti zowawa zimene mumalakalaka atamva anazimva ndithu, mwinanso kuposa zimene woweruza analemba, koma taonani kuti sizinalipire mwana wa malemu fizi ya Fomu 3.

Pamenepa ndi pamene ndimaona kuti makolo athu ankaona chinthu chimene makhoti a masiku ano amachiphonya. Pabwalo la mfumu mlandu unkayang'ana kwa oferedwa. Ankati mlandu suola, ndipo banja la wolakwa linkadziwa kuti lidzalipa mbuzi kapena ng'ombe, lidzapepesa pamaso pa anthu, ndipo kalekale mpaka munthu ankaperekedwa kuti akalowe m'malo mwa wophedwayo. Sindikulakalaka zonse za nthawi imeneyo, pakuti mwavi unapha osalakwa ambiri ndipo wopereka munthu ankapereka mwana wosadziwa kanthu; koma oferedwa ankachoka pabwalo atagwira kanthu m'manja. Kukhoti mlandu umakhala wa boma ndi wopalamula, ndipo inu munangoitanidwa ngati mboni, kapena simunaitanidwe n'komwe. Ndikukhulupirira kuti palibe amene anabwera kudzakuuzani kuti munthu uja akutuluka mwezi wakuti, munangomuona ali pabenchi. Ngongole yake ku boma anamaliza, koma ngongole yake kwa ana atatu aja sanaiyambe n'komwe, ndipo ndikuganiza kuti chimene chikukuwawani kwenikweni ndi chimenechi.

Ngati mtima wanu ungalole, ndipo pokhapokha ngati ungalole, kambiranani ndi eni mbumba kuti nkhaniyi ipite kwa amfumu a midzi yonse iwiri, osati kukazenganso mlandu umene khoti linamaliza, koma kuti munthuyo anene ndi pakamwa pake chimene anachita, apepese, ndipo banja lake linenepo za chipukuta misozi ndi za sukulu ya anawo. Akhoza kukana, ndipo mfumu singamukakamize. Akakana mudzakhala mwadziwa kuti kwaya ija ndi ya pakamwa chabe. Pitaninso ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu mukafunse za thandizo la fizi ya ana amasiye. Za kukhululuka, musalole munthu akuikireni tsiku. Amene akukufulumizitsani ayambe wapita kwa wogulitsa tomato uja kukamufunsa ngati anayamba wagogoda pakhomo panu.

FUNSO: Kuno kwathu akuba atitopetsa. Tikamugwira n'kumupereka kupolisi, mawa lake timakumana naye pamsewu akutiseka. Anzanga akuti mankhwala ake ndi tayala ndi petulo, ndipo ine ndayamba kuona kuti akunena zoona. Ngati boma likulephera kulanga, cholakwika n'chiyani ife tikalanga tokha? — Mnyamata wa kabaza, Blantyre

YANKHO: Achimwene, kutopa kwanu ndi komveka, makamaka kwa inu amene njinga imodzi ndiyo munda wanu. Koma chimene anzanu akuchitcha chilango chikulephera pa mfundo zonse ziwiri zimene ndauza mayi a ku Dedza. Choyamba, chilango chiyenera kugwera wolakwa yekha, pamene gulu silifunsa mboni, limangotsatira chala cha amene wayamba kukuwa. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha nkhalamba zinayi za banja limodzi poziganizira kuti zinatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo n'kufika mpaka mu Blantyre momwemo, anthu angapo anaphedwa chifukwa cha mlandu umene sunachitike n'komwe, ena mwa iwo chifukwa chongokhala alendo pamalopo. Onse amene anaponya miyala tsiku limenelo ankadziona ngati akuchita chilungamo. Inuyo mumanyamula anthu osawadziwa n'kumalowa nawo m'madera amene simudziwika. Tsiku lina wokwera wanu akadzakhala kuti wanyamula foni yakuba, gululo silidzasiyanitsa woyendetsa ndi wokwera.

Chachiwiri, ngakhale wogwidwayo atakhala wakubadi, foni kapena njinga siilingana ndi moyo. Amene akuti akufuna diso kulipa diso n'kuwotcha munthu chifukwa cha batire la galimoto wabwerera kwa Lameki uja.

Munthu amene mumamuona pamsewu mawa lake nthawi zambiri amakhala kuti watuluka pa belo. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limalamula kuti womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo amayesedwa wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Belo si kumasulidwa, mlandu umakhala udakalipo. Koma milandu yambiri imafera m'njira chifukwa omwe anamugwira aja sapita kukapereka umboni, poti tsiku la kukhoti ndi tsiku lotaya makasitomala. Sindikukana kuti ziphuphu ziliko. Komabe Cesare Beccaria wa ku Milan ananena kale mu 1764 kuti chimene chimaletsa umbanda si kuopsa kwa chilango koma kutsimikizika kwake, ndipo ine ndikuona kuti ananena zoona: wakuba amene akudziwa kuti mwa akuba khumi mmodzi yekha ndiye amawotchedwa amabadi, akudziyesa mmodzi mwa asanu ndi anayi aja. Pamalo anu oimikapo njinga sankhani anthu awiri oti azitsatira mlandu uliwonse, azilemba nambala yake ndi dzina la wapolisi wofufuza, ndipo muzisonkherana ndalama yolipira tsiku la mnzanu amene wapita kukaima ngati mboni. Mudziwenso kuti amene wathira petulo uja, pamaso pa malamulo, ndi wopha munthu mwadala.

FUNSO: Ine ndimagwirizana ndi zoti chilango chizilingana ndi mlandu. Tsono anthu amene amapha anzathu achialubino amachita kukonzekera, amadula ziwalo, amafuna ndalama. Kodi chilango cholingana ndi zimenezi si imfa? N'chifukwa chiyani boma silinyonga? — Mphunzitsi, Machinga

YANKHO: Aphunzitsi, mwagwira pamene mfundo yanga imalemera kwambiri, ndipo sindikuzembani. Ngati pali mlandu umene munthu anganene kuti wopalamula akuyenera imfa, ndi umenewu. Inu a ku Machinga simungaiwale MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino amene anaphedwa mu 2018, ndipo mwa anthu 12 amene khoti linawapeza olakwa mu 2022 munali wansembe, wapolisi, wachipatala ndi mchimwene wake weniweni wa malemuyo. Asanu mwa iwo analamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse.

Chilango cha imfa chidakalipo m'malamulo athu, koma munthu womaliza ananyongedwa mu 1992, ndipo kuyambira pa Bakili Muluzi mu 1994 palibe mtsogoleri amene wasainira kuti wina anyongedwe. Mu 2007, pa mlandu wa mkaidi wina dzina lake Kafantayeni, Khoti Lalikulu linathetsa lamulo lokakamiza woweruza kupereka imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha. Mu Epulo 2021, pa mlandu wa mkaidi winanso dzina lake Khoviwa, Khoti la Apilo linamveka ngati lathetseratu chilangochi, koma mu Ogasiti chaka chomwecho majaji ena a khotilo anafotokoza kuti amenewo anali maganizo a jaji mmodzi. Anzathu otizungulira ambiri anachisiya: Mozambique mu 1990, South Africa mu 1995, Zambia mu 2022 ndi Zimbabwe kumapeto kwa 2024.

Chifukwa chimene ine sindifunira chingwe si chakuti ndikukayika kuipa kwa anthuwa, koma chakuti ndikukayika sikelo yathu. Kuyambira mu 2015 makhoti anamvanso milandu ya akaidi oposa 150 amene anagamulidwa imfa pansi pa lamulo lakale lija. Zimene zinatuluka n'zochititsa manyazi: mafailo ambiri anali atasowa, ena mwa akaidiwo anali ana pamene ankapalamula, ena anali odwala misala, ndipo ena anaweruzidwa atangoonana ndi loya wawo kwa mphindi zochepa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapatsidwanso chilango cha imfa, ndipo oposa 100 anabwerera kwawo. Akanakhala kuti ananyongedwa pa nthawi yake, bwenzi tikunena kuti analandira zowayenera. Dziko lino likukumbukiranso makhoti a mafumu a nthawi ya Kamuzu Banda, amene anapatsidwa mphamvu yoweruza milandu yakupha mu 1969 anthu atakwiya ndi kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe. Makhoti amenewo, omwe sankalola loya, anayamba ndi mkwiyo womveka wa anthu wamba, koma ndi omwewo amene mu 1983 anagamula kuti Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera aphedwe.

Palinso china chokhudza milandu ya achialubino yeniyeniyo. Amene amagwidwa kawirikawiri ndi otumidwa, anthu osauka amene analonjezedwa mamiliyoni, ndipo munthu wakufa satchula womutuma. Mu Febuluwale 2019 Buleya Lule, amene ankaganiziridwa pa kubedwa kwa mnyamata wachialubino wa zaka 14 ku Dedza, anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mlandu wake usanazengedwe, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission linapeza kuti anazunzidwa. Panali anthu amene anaomba m'manja atamva za imfa yake, poti kwa iwo anali atalandira zake. Koma khoti linali lisanamupeze wolakwa, ndipo ngati ankadziwa dzina la wogula ziwalo, analowa nalo m'manda.